Ufa wa Msuweni Wako

Kutsidya kwa khoma,
26 Malichi 2020

Tahani, make Yazan,

Tandiyankha: ndi tsiku liti limene ana anga anagonapo ndi njala? Litchule. Ukalipeza, ndimeta ndevu zanga zapamlomo n'kuzitumiza kwa bambo ako m'envelopu.

Moni wabwera pambuyo, ukhululuke, mtima ndiwo unatsogola. Ine ndili bwino, bondo lokha ndilo likudandaula. Ndikhulupirira kuti amayi akudzuka, ndipo Yazan ndi Rimas ali bwino. Mulungu akutchinjirizeni ku mliriwu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ili m'thumba. Pa foni umandidula ndisanamalize, komanso muno tikugona gulu m'chipinda chopanda chitseko, ukangoti "make Yazan" makutu onse amadzuka. Pepala silidula munthu. Bambo a Fayeq, oyendetsa lole ya miyala aja, akadali ndi chilolezo chodutsa pachipata cha asilikali, ndiye azikupatsira.

Dzulo pa nthawi ya tiyi Mundhir, wa mudzi wa kuseri kwa phiri uja amene timamata naye matailosi, anandiitana. "Bambo a Yazan, tabwerani muone, alamu atchuka kunja." Pa foni yake panali iwe. Unaima pa geti yanga yabuluu imene ndinapenta ndekha, utavala diresi lopeta lija ndinakugulira, ukulandira katoni ya mbendera ya dziko limene sindilidziwa n'komwe. Pansi analemba m'chilankhulo chawo, Mundhir akuti mawuwo akunena kuti banja losauka la ku Palestina likulandira chakudya pa nthawi ya mliri. Losauka. Ndipo wogwira mbali ina ya katoniyo ndi Zuhdi. Anavala masiki, koma makutu aja ndingawadziwe ngakhale ataphimba mutu wonse ndi ndowa.

Iwenso pakamwa unaphimba, koma maso ankaseka. Usandiuze kuti linali dzuwa, geti yathu imakhala pa mthunzi m'mawa.

M'mudzi monse a komiti yogawa chithandizo anasowa munthu womupatsa galimoto ndi makatoni, koma msuweni wako? Ngati waiwala, ine sindinaiwale. Nditakufunsira, Zuhdi anaima pakhomo kuti mwana wa mchimwene wa bambo ndiye woyamba pa mzere, mlendo adikire. Akuluakulu anamwa khofi kwawo mpaka m'mimba kutentha asanavomere kuti akutaye. Mpaka lero sanakwatire. Mwamuna wamkulu, wa galimoto yake, wa mano onse. Akudikira basi yanji?

Tsiku lija anatiuza pachipata kuti wolowa alowe ndipo asatulukenso mpaka mliri uchepe, wobwerera abwerere aiwale za ntchito, ine ndinalowa. Ndikugona pa makatoni a matailosi m'nyumba ya eni ake yosamalizidwa, nsanjika yachinayi, mphepo ikulowa mbali zonse. Ndikuchitira ndani? Kuti mkazi wanga azitambasulira manja mwamuna wina pa geti yanga, dziko lonse likuonerera?

Sukulu ndinalekezera panjira, kulemba ndinadziphunzitsa pa manyuzipepala okulungira tomato, ndiye kukometsa mawu sindidziwa. Ndimanena chimene ndikutanthauza, ndipo chimene ndanena chimakhala chomwecho. Katoniyo ibwerere kumene inachokera.

Ndaika mashekeli mazana asanu ndi atatu. Ugule thumba la ufa wathu wofiirira ku golosale ya bambo a Hamdi, gasi, ndi nsapato za Rimas. Yazan alimire pansi pa mitengo ya azitona udzu usanaume, asamangokhalira foni.

Ndine mwamuna wako,
Rateb

9 Epulo 2020

Make Yazan,

Moni. Ndili bwino. Kalata yako ndalandira, ngati mizere inayi n'kalata. Ndakondwa kumva kuti ana ali bwino ndi kuti dzino la Rimas latuluka.

Walemba kuti, "Katoniyo ndi ya amayi ako, si yanga. Uwalande wekha." Walembanso kuti msewu wa ku tauni anautseka ndi miyala, ndipo galimoto yomweyo ndi imene ikubweretsa jakisoni wawo wa shuga m'kabokosi kozizira. Chabwino, jakisoni ndi jakisoni, sindingalimbane ndi moyo wa mayi wanga. Koma Zuhdi aziika kabokosiko pa mwala uli kunja kwa geti, aziimba belu n'kumapita. Jakisoni safuna kuperekezedwa mpaka pa khonde.

Chandiwawa n'chakuti anthu a dziko la mbendera lija, limene akuti n'lozizira, akudziwa kuti amayi anawasinthira mankhwala, ine mwana wawo ndamvera m'kalata.

Za bambo a Hamdi zandiphikitsa magazi. Akuti anakana kulandira ndalama zanga m'manja, nakuuza kuti uziike pa khoma ziwombedwe dzuwa poti zachokera kutsidya, kenako n'kunena kuti ufa unatha? Munthu ameneyo ndinamumatira bafa lonse ulere. Chaka chatha ankatiimirira tikamalowa m'golosale, lero ife a kutsidya tasanduka onyamula matenda. Umuuze kuti mliri udzatha koma ine ndidzakhalapo.

Tsopano za mkate umene wanditumizira. Nditamasula nsalu ndinadziwa ndisanaugwire. Woyera ngati laimu. Mkate wako ndaudya zaka zonsezi, ndimaudziwa ndi mphuno ndili kunja kwa mpanda. Uwu si ufa wanga, ndi wa m'katoni.

Ndipo pamwamba pake waika tinjere tanga. Ukukumbuka chiyambi chake? Titangokwatirana, pakhomo pa bambo anga akazi a abale anga onse ankaphikira mu uvuni umodzi, mikate n'kumasokonekera. Iwe unayamba kudinda chala chachikulu pakati pa wanga n'kuikamo tinjere takuda, kuti ndikafika ndisafunse. Ngakhale Yazan sumamuikira. Ndiye lero wadinda chala chako pa ufa umene ananyamula Zuhdi pa phewa, n'kunditumizira kuti ndidye ndithokoze?

Sindinadye. Mundhir anandiona ndikuukulunganso.

"Simukudya, bambo a Yazan?"

"Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani, simenti? Bweretsani kuno tikuthandizeni, alamu angamve kuti mkate wawo unachita nkhungu."

Ndinakhala pa ndowa n'kumaonerera amuna onsewo akutafuna tinjere tanga, akunyambita zala. Wina mpaka anati Mulungu adalitse manja amene anakanda. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi tailosi.

Usade nkhawa, chakudya tili nacho. Eni ake ali pa chikondwerero chawo sabata ino, ndiye bwana anatisiyira zitini ndi mpunga n'kukhoma geti ya pa saiti kunja. Akuti n'kutiteteza. Madzi timatunga pa mpopi wosakanizira simenti. Pali mkulu wina wa pulasitala amene akutsokomola, koma ameneyo ndi fodya.

Ngati ufa wathu ukusowa m'mudzi, uwapatse ndalama bambo a Fayeq akagule ku chigayo cha ku Khalili, amadutsa komweko. Mtengo ukwere ukwere, ndilipira. Yazan walimira?

Rateb

27 Epulo 2020

Tahani,

Mulungu alandire kusala kwanu m'mwezi uno wa Ramadani. Ine ndili bwino. Kachimfine chabe, ndi fumbi la matailosi.

Foni sukuyankha kuyambira Loweruka, ndiye ndilembe zimene zinachitika mbali ino, poti iwe unangomva mapeto ake.

Bambo a Fayeq sasunga nkhani, amaitsitsa pamodzi ndi miyala. Anandipatsa mtolo wachiwiri wa mkate, woyera womwewo, nati chigayo cha ku Khalili n'chotseka. Kenako anati, "Thanki yanu ya madzi inkadontha, koma musadandaule, Zuhdi anakwera padenga n'kuikonza. Mnyamata wabwino."

Padenga panga. Pamene umayanika zovala zako.

Tsiku lonse ndinamata matailosi ndili ndi ludzu, mizere n'kumakhota, ine amene sindinakhotetsepo mzere. Dzuwa litalowa tinakhala pansi kuti timasule kusala, pakati pali zitini ziwiri za nsawawa ndi tiyi wopanda shuga. Mundhir anamasula mtolo wako, nanyamula mkate m'mwamba. "Bambo a Yazan, mwamuna mnzanu ndi wachifundo, watikumbukanso." Ena anaseka. Mlomo wake watupa, koma upola.

Ndi pamene ndinakuimbira. Sindikana chimene ndinanena, ndipo ndichilemba kuti pasakhale wonena kuti foni inkasokosera. Ndinati: ndalumbira pa talaka, lumbiro lothetsa ukwati, ufa wa Zuhdi ukadzangolowa m'kamwa mwanga, iwe sulinso mkazi wanga. Iwe unati, "Wamaliza?" n'kudula.

Ndikudziwa kuti lumbiro la talaka si choseweretsa, akulu muno andiuza kale mokwanira. Koma ukuopa chiyani? Kamwa ndi yanga, mlonda wake ndine. Sindinalumbire pa iwe, kapena pa ana, kapena pa amayi. Idyani zanu. Ine ndidya miyala ndisanalawe ufa umenewo, ndiye ukwati wathu uli pabwino kuposa kale.

Tsono lero bambo a Fayeq abwera ndi katundu wina. Akuti wanyamula ana ndi thumba la ufa kupita kwa bambo ako, ati poti m'nyumba mwanga ufawo ndi woletsedwa. Kwa bambo ako, Tahani, kumene bwalo ndi limodzi ndi la Zuhdi, kampanda kake kolekeza m'chiuno. Ndinakuuza kuti utalikirane ndi moto, iwe wakayala mphasa pa makala. Ndipo amayi anga, ondibala ine, anatenga ndodo yawo n'kukutsata. Akuti anauza bambo a Fayeq kuti, "Mwana wanga ali ndi pakamwa, mpongozi wanga ali ndi jakisoni, nditsate chiti?"

Ndiye nyumba yanga ili yokha, nkhunda zanga akuzidyetsa ndani? Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Ubwerere kunyumba sabata ino.

Ndalama ndatumiza zochepa, bwana akuti malipiro onse adzapereka tikamaliza nsanjikayi. Masiku ano amalankhula nafe ali m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono. Mkulu wa pulasitala uja anamukweza kumbuyo kwa galimotoyo Lachiwiri, akuti ku chipatala. Bulangete lake likadali pomwepo, palibe akulikhudza.

Rimas umupsompsone. Umufunse ngati akukumbuka amene anamugulira nsapato.

Mwamuna wako,
Rateb

Ku sukulu ya atsikana, kumapeto kwa mudzi wathu,
9 Meyi 2020

Make Yazan,

Moni. Ndili moyo. Zolemba zapindika, si dala.

Za mmene ndinafikira kuno sindilemba zambiri. Bwana anatitenga anayi, ine, Mundhir ndi ena awiri, natitsitsa m'mbali mwa msewu pafupi ndi chipata, natembenuza galimoto. Ndinawoloka ndi miyendo yanga, pena ndi mawondo. Zikwanire pamenepo.

Mbali yathu kunali ambulansi, ndi munthu wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mzukwa. Anandigwira m'khwapa. Nditatukula maso ndinaona kuti ngakhale chipewa cha pulasitiki chalephera kuwagoneka makutu aja.

"Ndisiye, ndiyenda ndekha."

"Yenda."

Anandisiya. Ndinagwa. Anawerama nati, "Wamaliza?" Mawu ako enieni. Mumaphunzitsana pa kampanda paja?

Atibindikiritsa m'kalasi, pa bolodi pakadali masamu a ana. Bedi lili ndi mbendera ija, bulangete mbendera, makina ondithandiza kupuma mbendera. Muno chopanda mbendera ndine ndekha. Dokotala akuti popanda makinawa bwenzi nkhani ili ina. Ndathokoza Mulungu. Anthu a dziko lozizirawo ndidzawathokoza ndikadzapeza mpweya wokwanira.

Akuti wodwala sasala, ndiye namwino wathu, mayi wina wa ku tauni dzina lake Wafaa, amandinyenyera mkate wa boma mu msuzi wa mphodza n'kumandidyetsa ndi sipuni ngati khanda. Ndimameza chabe. Fungo sindikumva, kukoma sindikumva, zonse zili ngati thonje lonyowa. Akuti ndi matendawa, zidzabwerera.

Zuhdi amabwera m'mawa ndi madzulo ndi madengu a chakudya, amakolopa, amatulutsa ndowa. Ya ine ndinamuletsa. Akutulutsabe.

Pa windo langa ndikuona denga la bambo ako. Utsi wa uvuni umayamba m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku lililonse. Mukuphikira ukwati wa ndani?

Ndili pafupi chonchi, ndikanakhala ndi mawu bwenzi ndikukuwa iwe n'kumva. Akazi a anzanga amabwera kudzaima kuseri kwa mpanda wa sukulu n'kumakweza manja. Mkazi wa Mundhir anayenda wapansi kudutsa phiri. Ine ndayang'ana mpandawo mpaka ndauloweza.

Kalatayi wonyamula ndi Zuhdi yemweyo, palibe wina wololedwa kutuluka. Ndaimata ndi pulasitala wa mabala mbali zonse. Uone bwino ngati wamatulidwa.

Rateb

15 Meyi 2020

Tahani,

Moni. Makina anandichotsa, ndikukhala tsonga. Ndikanakonda ndikanagonabe osadziwa kanthu.

Lero m'mawa ndinauza Wafaa kuti sipuni yakwana, ndidya ndekha. Anandipatsa mkate wathunthu. Ndinauyang'ana. Woyera ngati laimu, pakati chala chodinda, m'kati mwake tinjere takuda.

Ndinayang'ana wa Mundhir pa bedi linalo. Chala, tinjere. Wa nkhalamba ya pakona, chala, tinjere. Kalasi yonse inkatafuna.

"Mundhir, mkate uwu unayamba liti kubwera?"

Munthu amene sasunga nthabwala ngakhale pa maliro anayang'ana pansi. "Ndinauzindikira tsiku loyamba, bambo a Yazan. Ndinati mupeze kaye mphamvu zondimenyera."

Ndiye utsi uja ndi umenewu. Iwe ndi akazi a komiti mukuphikira sukulu yonse mu uvuni wa bambo ako, ndi ufa wa m'makatoni. Ndipo ine ndakhala ndikuumeza m'mawa ndi madzulo kuyambira tsiku limene ndinalowa muno, mphuno itafa, lilime litafa. Mlonda wa pakamwa anagona.

Zuhdi atalowa ndi dengu ndinamuitana. Ndinkafuna kuimirira koma miyendo inakana, ndiye anandiyang'ana kuchokera pamwamba.

"Wapambana. Ufa wako ndadya."

"Si wanga, Rateb. Ndi wa anthu amene sadziwa n'komwe kuti uliko. Ngati ukufuna nsanje, achitire iwowo, ali kutali, sakubwezera."

"Iye akudziwa kuti ndili muno?"

"M'mawa uliwonse akamandipatsa dengu amafunsa chimodzi: akudya?"

"Ndipo lumbiro akulidziwa."

"Mudzi wonse ukulidziwa. Ndinamuuza kuti ndizikugulira mabisiketi. Dokotala anati mabisiketi sadzutsa munthu, ndipo mkate wina kulibe. Iye anati, bola mwamuna wamoyo amene si wanga kusiyana ndi wanga wa m'manda."

Kenako ndinati, "Iwe wakondwa."

"Ndikanafuna, ndikanamutsitsa m'galimoto ya ukwati tsiku lija, mwambo unkandilola."

"Ndiye sunkamufuna?"

"Sindinatero." Anatola ndowa yanga n'kutuluka. Atafika pakhomo anatembenuka. "Bambo ake akuti ndikuuze: talaka ikagwa, ngakhale imodzi, usatumize akuluakulu kuti akamutengenso. Mwana wawo si mpira."

Mawu ako aja ndawatembenuza tsiku lonse. Ndi mawu abwino, sindikana. Mkazi wina sakanawapeza. Koma unauza ndani? Unauza Zuhdi, pa bwalo la bambo ako, m'mawa, manja ali ndi ufa. Ine mwini wake wa mawuwo ndawalandira kudzera pa masiki ya msuweni wako.

Ndipo sindikudziwa ngati tinjereto unaika kuti ndidziwe kuti uli nane, kapena kuti ndidziwe kuti wamasuka. Ine sindizungulira, iwenso usazungulire. Undiuze.

Mkate wa lero sindinadye. Wafaa wakalipa. Akuti mawa andiimbira shehe wa ku mzikiti waukulu, ndimufunse ngati ndikadali ndi mkazi.

Sindikudziwa kuti ndisaine kuti ndine ndani wako.
Rateb

20 Meyi 2020

Make Yazan,

Moni kwa iwe, kwa ana, kwa amayi, ndi kwa bambo ako ngati angaulandire. Ndikupeza bwino. Dzulo ndinamva fungo la mankhwala okolopera, ndinatsala pang'ono kulira. Akuti akandiyeza kawiri osapeza kanthu, ndituluka chikondwerero cha Idi chisanafike.

Sunayankhe, koma Lamlungu ndinakuona kuseri kwa mpanda. Sunakweze dzanja. Unaima pang'ono, Rimas ali pambali pako, n'kubwerera. Diresi linali lija.

Shehe ndinalankhula naye. Foni ya Wafaa ndi yakufa pakhutu, imangolankhula mokweza, ndiye kalasi yonse inali khothi. Zuhdi anali pakhomo ndi chokolopera, pansi pouma kale.

Nditafotokoza, shehe anati, "Mwana wanga, nkhani ili mumtima mwako. Pamene unkalumbira, unkafunadi kumusiya mkaziyo, kapena unkafuna kumuopseza kuti ataye ufawo? Ngati unkatanthauza, talaka imodzi yagwa. Ngati kunali kuopseza, ndi lumbiro losweka, udyetse osauka khumi, mkazi ndi wako."

Ndisanatsegule pakamwa Mundhir anakuwira foni ali chigonere. "Ashehe, bambo a Yazan amanena chimene akutanthauza. Mufunse aliyense pa saiti."

Wina anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke. Mawu amenewo ndi chuma chokhacho chimene ndinali nacho. Ophunzira ali ndi mapepala awo, Zuhdi ali ndi galimoto ndi komiti, ine ndinali ndi pakamwa posanama. Ndinayang'ana pakhomo. Chokolopera chinali chitaima.

Ndinati, "Kunali kuopseza, ashehe."

"Sindinamve, mwana wanga, kweza mawu."

"Ndati kunali kuopseza. Mawu anga anali mphepo."

Nkhalamba ya pakona inati, "Mulungu ndi wamkulu, talandira mnzathu." Zuhdi anayambanso kukolopa. Nkhope yake sindinaione, ndipo masiki ija ndikuida mpaka lero.

Ndiye wamva. Ndinadzivula pamaso pa amuna anzanga ndi pamaso pa msuweni wako, kuti ndisakutaye. Ubwereze kwa bambo ako mawu omwewo, usakometse.

Tsopano osauka khumi. Sindinavutike kuwapeza, ali pa mabedi omwe ano. Nyumba za ife ogwira ntchito kutsidya galimoto ya makatoni imazilumpha, ati tili pa malipiro. Pa yathu inaima chifukwa cha amayi basi. Malipiro ake ati? Athu anatsala m'galimoto ya bwana. Mkazi wa Mundhir wagulitsa nkhuku zonse. Ndamuuza Zuhdi kuti akauze komiti yake ikonze zimenezi, ndipo ngati anthu a dziko lozizira akufuna chithunzi cha banja losauka, abwere ajambule muno. Wati akanena. Iwe uzimukumbutsa, poti amakumvera, ndipo usaganize kuti zimenezo ndazilemba mokondwa.

Koma lumbiro ndinaswa ndine, silingalipidwe ndi ufa wa m'katoni. Bambo a Fayeq akuti chigayo cha ku Khalili chatsegula. Ugulitse nkhunda zanga zonse, ngati zikadalipo, uwapatse ndalama abweretse thumba la ufa wofiirira. Ufa wanga sungaphikidwe mu uvuni wa bambo ako. Utenge ana ndi amayi, utsegule geti yabuluu, usese uvuni wathu, ukoleze moto. Windo langa limaonanso denga lathu, ndipo ndikhala pomwepo mpaka ndione utsi. Nyumba khumi zilandire mkate, popanda wojambula.

Za kuphikira sukulu sindikuletsa. Ndaudya, wandidzutsa, udzutsenso ena. Ndine Rateb, mwamuna wako, shehe wavomereza ndipo Zuhdi ndi mboni.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi si mphepo. Amuna onse muno akudya chala chako. Mundhir dzulo anatola tinjere timene tinagwera pa bulangete n'kutiponya m'kamwa akundiyang'ana. Kuyambira mawa mkate wawo ubwere wosalala. Chala ndi tinjere zikhale pa umodzi wokha, ndipo Zuhdi aunyamule ndi manja ake, adutse mabedi onse, adzauike pa langa.